Mwambo ukamavulaza mwana, ndani ali ndi mphamvu youthetsa?

Pa 31 July 1997, amayi a m'mudzi wa Malicounda Bambara, m'chigawo cha Thiès m'dziko la Senegal, anasonkhana pabwalo pamaso pa atolankhani nalengeza kuti ana awo aakazi sadzadulidwanso. Anali Asilamu, akazi a kumudzi, ambiri a iwo odulidwa eni ake ali aang'ono. Boma linali lisanakhazikitse lamulo lililonse pankhaniyi, ndipo panalibe wapolisi amene anawaopseza. Anali ataphunzira kwa nthawi ndithu m'makalasi a bungwe la Tostan, m'chiyankhulo cha kwawo, za ukhondo, za thupi la mkazi ndi za ufulu wa munthu; kenaka anakambirana ndi amuna awo, anapita kwa mfumu, anakafunsanso imamu wa m'mudzimo ngati chipembedzo chimawakakamiza kudula ana. Atamva kuti sichiwakakamiza, anaima poyera.

Mdulidwe wa atsikana ndiko kudula kapena kuchotsa mbali ya ziwalo zobisika za mwana wamkazi popanda chifukwa cha matenda. M'madera ena amadula pang'ono, m'madera ena amachotsa zambiri, ndipo ku Somalia, ku Djibouti ndi mbali zina za Sudan kwafala mtundu woopsa koposa, umene amasoka malowo n'kungosiya kampata kakang'ono. M'chaka cha 2024 bungwe la UNICEF linanena kuti amayi ndi atsikana oposa 230 miliyoni amene ali moyo lero anadutsa m'zimenezi. Zotsatira zake n'zodziwika: kutaya magazi kumene nthawi zina kumapha, mabala otukusira, kuvutika pokodza, ululu m'banja moyo wonse. Kafukufuku amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2006, wokhudza amayi oposa 28,000 m'mayiko asanu ndi limodzi a mu Africa, anaonetsa kuti amayi odulidwa amavutika kwambiri pobereka, ndiponso kuti makanda awo amafa pobadwa mochulukirapo kusiyana ndi a amayi osadulidwa.

Wina angafunse kuti ife a m'mbali mwa nyanja ino nkhaniyi ikutikhudza bwanji, popeza dziko lathu silili m'gulu la mayiko amene mwambowu unazika mizu. Ikutikhudza pawiri. Choyamba, m'malo ambiri mpeniwo umagwiridwa m'dzina la Chisilamu, ndipo dzinalo ndi lathu tonse. Mabuku a fiqhi a mazhabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira, amaitchula nkhaniyi, kotero mwana wathu wa ku madrasa akadzakula m'maphunziro adzakumana nayo ndithu. Chachiwiri, funso limene amayi a ku Malicounda anakumana nalo silinena za mpeni wokha. Likunena za mwambo uliwonse umene makolo abwino amachitira ana awo mwa chikondi pomwe mwambowo ukuvulaza.

Pamenepa ndi pamene nkhaniyi imalimbira. Zikanakhala kuti odula ana ndi anthu ankhanza, ntchito ikanakhala yopepuka: tikanangowaloza chala n'kuwapereka kwa oweruza. Koma amene amanyamula mwana kupita naye kwa wodula ndi mayi ake, agogo ake, azakhali ake, anthu omwewo amene amagona ndi njala kuti iye adye. Kumene mwambowu uli, mtsikana wosadulidwa amatchedwa wodetsedwa. M'madera ena anthu sadya chakudya chophika iye, mawu ake samveka pakati pa akazi anzake, ndipo koposa zonse sapeza banja. Mayi amayang'ana njira ziwiri, ina ya ululu ndi ina ya kusalidwa moyo wonse, nasankha imene akuiona ngati yopepuka. Ngakhale mayi atadziwa bwino kuipa kwa mpeniwo, ngakhale ataukana mumtima, sangausiye yekha, chifukwa amene adzalipire mtengo wa kulimba mtima kwakeko ndi mwana yemweyo amene akufuna kumuteteza. Banja lililonse likhoza kulakalaka mwamseri kuti mwambowo uthe, komabe n'kumapitiriza, popeza palibe lofuna kukhala loyamba.

Munthu amene anaona zimenezi msanga sanali katswiri wa kuyunivesite. Anali Demba Diawara, imamu ndi mkulu wa mudzi wa Keur Simbara, wa mtundu womwewo wa Abambara. Amayi a ku Malicounda atalengeza, midzi yoyandikana nayo inakwiya niwatcha opandukira makolo. Demba anauza a Tostan kuti njira imene yatsatidwayo ili ndi chilema: mudzi sukwatirana wokhawokha. Ana aakazi a mudzi uno amakwatiwa kumidzi ina, ndipo ngati midzi inayo sinavomereze, atsikana osadulidwawo adzatsala opanda owafunsira. Iye mwini anayamba wafunsa akazi a m'banja lake za mwambowu, chinthu chimene mwamuna wa kumeneko sankachita, namva kwa nthawi yoyamba masautso amene akaziwo anakhala nawo zaka zonse osawatchula. Atatero ananyamuka wapansi, mudzi ndi mudzi, kutsata kumene kunali abale ake. Sankafika ngati wodzudzula. Ankapewa mawu olasa, mwambowo ankangoutchula kuti mwambo monga eni ake amautchulira, ankafotokoza zimene wamva ndi kuphunzira, n'kuwasiyira eni mudzi kuti akambirane okha. Mu February 1998, m'mudzi wa Diabougou, midzi 13 yokwatirana inalengeza pamodzi kuti yasiya. M'chaka chomwecho midzi 18 ya Afulani m'chigawo cha Kolda inachitanso chimodzimodzi, ndipo m'zaka zotsatira midzi masauzande ku Senegal, ku Guinea, ku Gambia, ku Mali ndi kwina inatsatira.

Katswiri wina wa ku America, Gerry Mackie, anali atalemba mu 1996 kuti mwambo womanga mapazi a atsikana ku China, umene unakhala zaka mazanamazana, unatha mofulumira pamene mabanja anayamba kupangana m'magulu kuti sadzamanga mapazi a ana awo aakazi ndiponso kuti ana awo aamuna sadzakwatira mkazi wa mapazi omangidwa. Imamu wa ku Keur Simbara anafika pa nzeru yomweyo podziwa kokha mmene maukwati a kwawo amayendera.

Tsopano tibwere ku chipembedzo, ndipo apa tiyenera kuyankhula mosabisa, chifukwa kubisa kumangopatsa mphamvu otsutsa. Mdulidwe wa atsikana sunabwere ndi Chisilamu. Strabo, mlembi wachigiriki amene anakhala zaka mazana asanu ndi limodzi Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) asanabadwe, anaulemba kale ngati mwambo wa ku Egypt. Lero umapezeka pakati pa Akhristu a ku Egypt ndi ku Ethiopia ndi pakati pa otsatira zipembedzo za makolo, pomwe Asilamu a ku Morocco, Algeria, Tunisia ndi Turkey saudziwa n'komwe. Ku Senegal komweko, Awolofu, amene ndi Asilamu ndipo ndiwo mtundu waukulu m'dzikomo, ambiri sadula. Qur'an yolemekezeka siutchula. Ana aakazi a Mtumiki anali anayi, Zainab, Ruqayyah, Umm Kulthum ndi Fatimah, ndipo ngakhale maswahaba anasunga ngakhale tinthu tating'ono ta m'nyumba mwake, palibe nkhani yodalirika yonena kuti mmodzi wa iwo anadulidwa. Hadith imene anthu amaitchula kwambiri, ya mkazi wodula wa ku Madinah, Abu Dawud amene anailemba ananena yekha kuti ndi yofooka; ndipo Sheikh Sayyid Sabiq m'buku lake la Fiqh us-Sunnah anaweruza kuti mahadith olamula kudula akazi onse ndi ofooka.

Komabe sitinganame kuti maulama akale sanalankhulepo. A Hanafi ndi a Maliki sanaone mdulidwe wa mkazi kukhala chikakamizo, pomwe Imam Nawawi analemba kuti pa mazhabu a Shafi'i ndi wajibu kwa amuna ndi akazi omwe. Mphunzitsi amene angauze ophunzira ake kuti mawu amenewa mulibe m'mabuku adzataya chikhulupiriro chawo tsiku limene adzawapeze okha. Chimene tinganene moona n'chakuti maulamawo anaweruza malinga ndi umboni ndi nzeru za thupi zimene anali nazo m'nthawi yawo, kuti ngakhale iwo ankanena za kanthu kakang'ono kwambiri osati zimene zikuchitika ku Somalia kapena ku Guinea, ndiponso kuti anatisiyira malamulo akuluakulu oyezera nkhani zotere. Limodzi mwa malamulowo ndi lakuti chovulaza chiyenera kuchotsedwa. Lina ndi lakuti chizolowezi cha anthu chimalemekezedwa m'Shariya, koma pokhapokha ngati sichikuwombana ndi zimene Shariya inabwera kudzateteza, monga moyo ndi kubereka. Mdulidwe wa mnyamata uli ndi umboni wolimba, ndipo madokotala apeza kuti umachepetsa matenda ena. Wa mtsikana ulibe umboni wolimba, ulibe phindu lililonse pa thanzi, ndipo umaononga chiwalo chimene Allah anachilenga ndi ntchito yake m'banja. Kuzitcha ziwirizi ndi dzina limodzi ndiko kwasocheretsa anthu ambiri.

Ndi njira imeneyi imene maulama a masiku ano anayenda. Mu November 2006 ku Al-Azhar, mu mzinda wa Cairo, kunachitika msonkhano wa maulama ndi madokotala wotsogozedwa ndi Mufti wamkulu wa Egypt, Sheikh Ali Gomaa, ndipo unagamula kuti mchitidwewu uyenera kulekeka. Mu 2007, mtsikana wa zaka 12 atamwalira pomudula pachipatala china ku Minya, Muftiyo ananena poyera kuti ndi haramu, ndipo mu 2008 dziko la Egypt linaika lamulo loletsa. Mu January 2010 maulama a ku Mauritania nawonso anasainirana fatwa yoletsa.

Nanga ngati maulama agamula ndipo boma laletsa, n'chifukwa chiyani tikutaya nthawi ndi nkhani ya midzi? Chifukwa mbiri yaonetsa kuti lamulo lofika lokha, anthu asanakambirane, limabala zina. Mu 1956, m'nthawi ya atsamunda, bwalo la akuluakulu la Njuri Ncheke ku Meru m'dziko la Kenya linaletsa mdulidwe wa atsikana. Atsikana eni ake anagula malezala nathawira kutchire kukadulana okhaokha, mpaka m'badwo umenewo unapatsidwa dzina lakuti Ngaitana, kutanthauza kuti ndidzidula ndekha. M'zaka zitatu anthu oposa 2,400 anazengedwa milandu, koma mwambo sunathe. Ku Gambia, kumene amayi pafupifupi atatu mwa anayi alionse ndi odulidwa, Pulezidenti Yahya Jammeh analetsa mchitidwewu mu 2015. Lamulolo linangokhala papepala kufikira mu 2023, pamene amayi atatu anapezeka olakwa m'khoti. Imam Abdoulie Fatty anawalipirira chindapusa, mkwiyo unabuka, ndipo phungu wina, Almameh Gibba, anabweretsa ku nyumba ya malamulo bilu yofuna kufafaniza lamulolo ponena kuti likuphwanya chipembedzo ndi chikhalidwe. Mu March 2024 aphungu ambiri anavomereza kuti biluyo ipite patsogolo. Inakanidwa pa 15 July chaka chomwecho, amayi a ku Gambia eni ake, ambiri a iwo odulidwa, atayenda ndi kupereka umboni kwa miyezi ingapo. Lamulo la zaka zisanu ndi zinayi linatsala pang'ono kugwa chifukwa linali lisanalowe m'mitima.

Koma pali chotsutsa chimene sitiyenera kuchinyalanyaza, ndipo kwa ife ndicho cholemera koposa m'nkhani yonseyi. Kukambirana kumadya nthawi. Maphunziro a Tostan m'mudzi umodzi amatenga pafupifupi zaka zitatu. M'zaka zitatuzo ana akubadwa, nyengo za mdulidwe zikubwera, ndipo kamtsikana kamene kagwidwe miyendo chaka chino sikadzabwezeredwa thupi lake chifukwa chakuti mudzi udzalengeza chaka cha mkuja. Kodi ulemu umene tikupereka kwa akuluakulu sukulipiridwa ndi magazi a mwana amene sanafunsidwe? Ophunzira athu amadziwa kuti mowa unaletsedwa pang'onopang'ono, m'magawo, kufikira mitima itakonzeka. Koma amadziwanso kuti kukwirira ana aakazi amoyo, kumene Aarabu ena ankachita Chisilamu chisanafike, sikunapatsidwe nthawi yotero. Surah At-Takwir, imene inavumbulutsidwa ku Makkah Asilamu akadali ochepa ndi opanda mphamvu, inaika kale mwana wokwiriridwayo pabwalo la Tsiku la Chiweruzo ngati wofunsidwa za mlandu wa imfa yake. Kusiyana kwake kukuoneka: womwa mowa ndi wamkulu wodzisankhira, pomwe wokwiriridwa ndi mwana wopanda mawu. Mtsikana wodulidwa ali pafupi ndi wachiwiriyu.

Choncho sitinganene kuti kuipa kwa mchitidwewu kudikire kuti anthu agwirizane. Chinthu sichikhala choipa chifukwa mudzi wavota; chinali choipa kale tsiku limene mudzi wonse unkavina pochikondwerera. Chimene chimafuna mgwirizano ndi kutha kwake, osati chiweruzo chake. Ndipo apa Sirah ikutiphunzitsa kanthu kena. Pamene amuna khumi ndi awiri a ku Yathrib anakumana ndi Mtumiki ku Aqabah, zina mwa zimene analonjeza zinali zakuti sadzapha ana awo. Ndipo lonjezo lomwelo lili m'pangano limene akazi okhulupirira ankachita, monga likutchulidwira mu Surah Al-Mumtahanah. Chiletso chinali chitatsika kale, komabe anthu anaitanidwa kuti achilonjeze ndi pakamwa pawo, pamaso pa anzawo, monga gulu. Munthu akalonjeza pagulu amadziwa kuti mnzake walonjezanso, ndipo mantha a kutsala yekha amachoka. Zimene zinachitika ku Diabougou n'zamtundu umenewu.

Lamulo la boma lili ndi malo ake, ndipo sitigwirizana ndi amene amafuna lichotsedwe. Dziko la Senegal linaika lake mu January 1999, ndipo ngakhale atsogoleri ena a chipembedzo a kumpoto ku Fouta analitsutsa kolimba, linapatsa mabanja ofuna kusiya chonena pamaso pa agogo oumirira: akhoza kunena kuti tikuopa kumangidwa. Limatetezanso mwana amene ali pangozi lero, amene sangadikire msonkhano. Koma lamulo silingalowe m'chipinda chimene amayi atatu atsekeramo khanda usiku, ndipo silingapezere mtsikana wosadulidwa mwamuna. Kumene lamulo lathamanga kusiya anthu m'mbuyo, makolo ayamba kudula ana akadali makanda osatha kuulula, kapena kuwaolotsa malire kupita kudziko loyandikana nalo, kapena, monga ku Egypt, kupita nawo kwa dokotala, ngati kuti chovuta chinali dzimbiri la mpeni.

Ena amati zonsezi ndi nzeru za azungu zobwera ndi ndalama, ndipo amaloza kuti amene anayambitsa Tostan mu 1991, Molly Melching, ndi mayi wa ku America. N'zoona, ndipo n'zoonanso kuti alendo ambiri alankhula za nkhaniyi monyoza, ngati kuti amayi a mu Africa sakonda ana awo. Kunyoza kumeneko kwachedwetsa ntchito koposa mmene kwaithandizira. Koma choonadi sichifunsidwa chiphaso cha kumene chachokera. Mlendoyo anabweretsa kalasi. Amene anafunsa imamu, amene anayenda wapansi, amene anapirira kutukwanidwa ndi abale awo anali eni mudzi. Ku Sudan nako nzeru inachokera m'chiyankhulo cha eni dziko. Kumeneko mdulidwe umatchedwa ndi liwu lotanthauza kuyeretsa, ndipo wosadulidwa ankangokhala ndi dzina lachipongwe. Kuyambira mu 2008 anthu anayamba kufalitsa liwu la Chiarabu lakuti Saleema, kutanthauza wathunthu, wosavulazidwa, monga anabadwira, kuti mayi akhale ndi dzina laulemu lotchulira mwana wake. Lamulo loletsa m'dziko lonselo linadza pambuyo, mu 2020.

Tisakometsere nkhaniyi mopyola. Kulengeza kwa mudzi sikutanthauza kuti nyumba iliyonse yasiya, ndipo a Tostan eni ake amavomereza zimenezi. Kwa zaka zambiri chiyambire malengezo aja, chiwerengero cha amayi odulidwa ku Senegal chinkangozungulira pa mmodzi mwa anayi alionse, ndipo m'zigawo za kummwera ndi kumpoto mwambo ukadali wamphamvu. Chinthu chimene chakhala zaka zikwi ziwiri sichitha ndi chikondwerero cha tsiku limodzi.

Kuno kwathu tili ndi jando, msondo ndi litiwo, ndipo tili ndi angaliba ndi anamkungwi amene makolo amawakhulupirira. Zambiri za m'zinamwali zathu n'zomanga: ulemu, ukhondo, kasungidwe ka banja. Koma tikudziwanso kuti alipo atsikana amene amatuluka ku chinamwali ali ndi zaka khumi ndi ziwiri n'kuyamba kuonedwa ngati akazi okhwima, ndi kuti ngakhale malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, nikah za ana zikumangidwabe mwakachetechete. Bambo amene amapereka mwana wake wa sitandade 6 kwa msodzi wa ndalama kapena kwa mnyamata wobwera kuchokera ku Johannesburg nayenso amati akumuteteza ku umphawi ndi ku manyazi a mimba yapathengo. Msampha wake ndi womwe uja. Ndipo maukwati athu nawonso sathera m'mudzi umodzi: a ku Makanjira amakwatirana ndi a ku Malindi ndi a tsidya la Mozambique, a ku Nkhotakota ali ndi abale ku Salima. Khutbah ya Lachisanu limodzi mumzikiti umodzi singafike konseko. Pafunika atsibweni, amene mawu awo amalemera pa ana a mlongo wawo, pafunika mashehe amene amamanga nikah, ndiponso amuna amene angachite chimene Demba anachita, kukhala pansi ndi kufunsa akazi a m'nyumba mwawo zimene amadutsamo, n'kupirira kumva yankho lake.

Pafunikanso anamkungwi eni ake, ndipo amenewa ndi amene timafulumira kuwaiwala kapena kuwaona ngati adani. Ku Senegal odula anali amayi olemekezeka, ambiri a iwo azamba, amene ntchitoyo anailandira kwa amayi awo ndipo inkawapatsa chakudya ndi ulemu. Kumene mabungwe anangowapatsa ndalama kuti ataye mipeni pomwe makolo akufunabe mdulidwe, makolowo anangofunafuna wodula wina. Koma kumene mudzi unasintha pamodzi nawo, ena mwa iwo anasanduka otsogolera. Ourèye Sall wa m'mudzi wa Nguerigne Bambara anali wodula kwa zaka zambiri. Atasiya, anayamba kuyenda m'midzi ya Afulani anzake kufotokoza zimene manja ake anaona, ndipo amayi amene sakanamvera namwino wochokera ku Dakar ankakhala pansi kumumvetsera, popeza ambiri a iwo anadulidwa ndi anthu onga iye.